Kupimidwa Matumbo Aakulu Pamene Pali Dokotala Wophunzira: Zimene Inu ndi Banja Lanu Muyenera Kudziwa

Kalata yokuitanani kuchipatala kukapimidwa matumbo aakulu nthawi zambiri imabwera pamodzi ndi kabuku ka malangizo ndiponso fomu yachilolezo. M'mapepala amenewa mungapezemo mawu onena kuti dokotala kapena namwino amene akuphunzira ntchitoyi angathe kukupimani moyang'aniridwa ndi katswiri. Anthu ambiri akawerenga zimenezi mtima umawagunda. Ena amadzifunsa kuti, "Kodi akufuna kuphunzirira pa ine chifukwa ndine mlendo m'dziko muno?" Ena amangoika kalatayo m'kabati, tsiku n'kudutsa osapita.

Kapepala kano kalembedwera mabanja olankhula Chichewa a ku Handsworth ndi madera oyandikana nawo. Kakufotokozerani za munthu amene akutchedwa wophunzirayo, mmene amaphunzitsidwira, amene amamuyang'anira, ndiponso ufulu umene muli nawo wovomera kapena kukana. Kusankha n'kwanu, ndipo kaya muvomere kaya mukane, chisamaliro chanu sichichepa. Chimene chingakuikeni pangozi n'kusapita kukapimidwa.

Kodi colonoscopy n'chiyani?

Colonoscopy ndi njira yoonera m'kati mwa thumbo lalikulu. Thumbo limeneli ndi lalitali pafupifupi mamita 1.5. Limayambira kumunsi kwa mimba cha kumanja, n'kukwera, n'kudutsa chopingasa pansi pa nthiti, kenako n'kutsikira kumanzere mpaka kotulukira chimbudzi. Wopima amalowetsa kapaipi kofewa, kotha kupindika, konenepa ngati chala, kudzera kotulukira chimbudziko. Kunsonga kwa kapaipiko kuli nyali ndi kamera, ndipo zonse zimene kamerayo ikuona zimaoneka pa sikirini. Kawirikawiri ntchitoyi imatenga mphindi 30 mpaka 45.

Anthu amatumizidwa kukapimidwa motere pa zifukwa ziwiri zikuluzikulu. Choyamba ndi zizindikiro zimene munthu wafotokozera dokotala wake wa m'dera, amene kuno amatchedwa GP. Zina mwa izo ndi magazi m'chimbudzi, kutsekula kapena kudzimbidwa kosazolowereka kwa masabata 3 kapena kuposerapo, kupweteka kwa m'mimba kosatha, kuonda popanda chifukwa, ndi kuchepa kwa magazi m'thupi. Chachiwiri ndi ndondomeko ya NHS yofufuza khansa ya m'matumbo, imene inayamba mu 2006. Ku England, munthu aliyense wa zaka 50 mpaka 74 amene analembetsa kwa GP amalandira pa positi kachipangizo kotchedwa FIT kamodzi pa zaka 2 zilizonse. Kachipangizoka kamafufuza timagazi tosaoneka ndi maso m'chimbudzi. Mwa anthu 100 alionse amene amabweza kachipangizoka, pafupifupi 2 amaitanidwa kuti akapimidwe mozama.

Wopima amafunafuna makamaka timinofu tating'ono tomera pakhoma la thumbo, totchedwa ma polyp. Tambiri sitivuta, koma tina timasanduka khansa pakapita zaka, mwini wake osamva kanthu. Paja akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Timinofu timeneti tikapezeka, nthawi zambiri timachotsedwa pomwepo ndi kawaya kokhala ngati khwekhwe kodutsa m'kapaipi komweko, ndipo khansa imakhala yapewedwa isanayambe. Chaka chilichonse anthu pafupifupi 44,000 amapezeka ndi khansa ya m'matumbo muno mu United Kingdom. Ikapezeka idakali poyambira, anthu oposa 9 mwa 10 amakhalabe ndi moyo pakatha zaka 5. Ikapezeka itafalikira kale ku ziwalo zina, amene amafika zaka 5 ndi pafupifupi munthu 1 mwa 10.

Kodi wophunzirayo ndi ndani?

Mawu akuti "wophunzira" amasocheretsa. Munthu amene akuphunzira colonoscopy si mwana wasukulu wa ku yunivesite. Kawirikawiri ndi dokotala amene anamaliza kale zaka 5 za maphunziro a udokotala pa sukulu monga University of Birmingham kapena Aston University, kapena kunja kwa dziko lino. Atamaliza anagwira ntchito zaka 2 zoyambirira m'mawodi osiyanasiyana, kenako zaka zinanso zingapo m'gawo la matenda a m'kati mwa thupi kapena la maopaleshoni. Panopa akusulidwa kuti adzakhale katswiri wa matenda a m'mimba kapena wa maopaleshoni a matumbo. Pa baji yake mungaone mawu akuti resident doctor kapena registrar.

Ena mwa ophunzirawa ndi anamwino odziwa bwino ntchito amene akuwonjezera luso lopima matumbo. Akamaliza amatchedwa nurse endoscopist kapena clinical endoscopist, ndipo amayesedwa pa muyezo wofanana ndi wa madokotala. Dokotala aliyense amakhala m'kaundula wa General Medical Council, ndipo namwino aliyense m'kaundula wa Nursing and Midwifery Council. Mabungwe amenewa ali ndi mphamvu yoletsa munthu kugwira ntchito ngati waphwanya malamulo.

Kukhalapo kwa wophunzira sikukhudzana ndi khungu lanu, chilankhulo chanu kapena dziko limene munachokera. Zipatala zimakhala ndi masiku kapena maola oikidwiratu ophunzitsira, ndipo odwala amitundu yonse amaikidwa pa maola amenewo. Lamulo la Equality Act la 2010 limaletsa chipatala kusankha munthu chifukwa cha mtundu kapena chipembedzo chake.

N'chifukwa chiyani maphunzirowa ali okhwima chonchi?

Njira yoonera thumbo lonse lalikulu ndi kuchotsa ma polyp popanda opaleshoni inayambitsidwa mu 1969 ndi madokotala awiri a ku New York, William Wolff ndi Hiromi Shinya. Kuno ku Britain inafalikira kwambiri kudzera mwa Christopher Williams wa pa chipatala cha St Mark's ku London. Kwa zaka zambiri madokotala ochuluka ankaphunzira ntchitoyi mongoonerera anzawo kangapo, kenako n'kuyamba kuchita okha.

Zotsatira zake zinaonekera poyera mu 2004, pamene anasindikiza kafukufuku wa ma colonoscopy 9,223 ochitidwa m'malo opimira 68 muno m'dziko. Opima anafika kumapeto kwa thumbo pa odwala pafupifupi 77 okha mwa 100 alionse. Kafukufukuyo anapezanso kuti mwa opima 100, ndi 17 okha amene anayang'aniridwa ndi mphunzitsi pa odwala awo 100 oyambirira. Kulephera kufika kumapeto si nkhani yaing'ono, chifukwa khansa ingabisale m'gawo limene kamera sinafikemo.

Zimenezi zinachititsa kuti kaphunzitsidwe kasinthiretu. Bungwe lotchedwa JAG, limene linakhazikitsidwa mu 1994 ndipo lili pansi pa Royal College of Physicians, linaika miyezo imene wophunzira aliyense ndi malo opimira alionse ayenera kukwaniritsa. Malo ophunzitsira anatsegulidwa m'zigawo zosiyanasiyana, ndipo kuno ku West Midlands amodzi mwa iwo ali pa chipatala cha New Cross ku Wolverhampton. Pamene kafukufuku wina anachitika mu 2011 pa ma colonoscopy oposa 20,000, opima anali kufika kumapeto kwa thumbo pa odwala oposa 92 mwa 100. Kusintha kumeneku kunabwera chifukwa ophunzira anayamba kuphunzira ali ndi mphunzitsi pambali pawo.

Kodi amaphunzira bwanji?

Wophunzira sayambira pa munthu. Amayamba ndi kudziwa chipangizocho: mawilo ang'onoang'ono amene amakhotetsa nsonga ya kapaipi, mabatani olowetsera mpweya ndi madzi, ndi batani loyamwira. Kenako amayeserera pa chidole chopangidwa ngati thumbo la munthu kapena pa makina a kompyuta amene amasonyeza ngati wakankha mopweteka. Amayeneranso kuchita kosi yovomerezeka ndi JAG ya luso loyambira.

Akafika kwa odwala enieni, amaphunzira pang'onopang'ono. Thumbo lalikulu si paipi yowongoka. Lili ndi ngodya zokhota kwambiri, ndipo magawo ena ndi olendewera, moti kapaipi kakamakankhidwa kangathe kupanga mkombero m'kati. Mkombero umenewu ndi umene umapweteka wodwala. Choncho luso lalikulu limene wophunzira amaphunzitsidwa si kukankha, koma kupotoza kapaipi ndi dzanja lamanja, kukabweza m'mbuyo kuti thumbo liwongoke, ndi kuyamwa mpweya kuti njira ifupike. Amaphunziranso nthawi yoyenera kupempha wodwala kuti atembenuke, kugona chagada kapena kumanja, ndiponso nthawi yopempha namwino kuti asindikize pang'ono pamimba. M'zipatala zambiri muli makina osonyeza pa sikirini yachiwiri mmene kapaipi kapindikira m'mimba, kotero kuti mphunzitsi amaona mkombero nthawi imodzi ndi wophunzira.

Kufika kumapeto kwa thumbo ndi theka chabe la ntchito. Kufufuza kwenikweni kumachitika potuluka, pamene wopima amabweza kapaipi pang'onopang'ono, akutsuka khoma ndi kusuzumira kuseri kwa makwinya onse a thumbo. Muyezo wa dziko lino umati gawo limeneli lisachepere mphindi 6, ndipo opima amalimbikitsidwa kutenga mphindi 10. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pomalizira pake wophunzira amaphunzira kutapa kachidutswa ka mnofu kokaunika ku labotale ndi kuchotsa ma polyp, kuyambira ang'onoang'ono.

Colonoscopy iliyonse imene wophunzira wachita imalembedwa m'kaundula wa pa kompyuta wotchedwa JETS. Mphunzitsi amamupatsa malikisi pa mbali iliyonse: mmene analankhulira ndi wodwala, mmene anayendetsera kapaipi, zimene anaona, ndi mmene analembera lipoti. Malinga ndi miyezo imene JAG inasindikiza mu 2023, munthu asanaloledwe kupima yekha ayenera kukhala atachita ma colonoscopy osachepera 280. Ayenera kusonyeza kuti amafika kumapeto kwa thumbo popanda kuthandizidwa pa odwala osachepera 90 mwa 100, ndiponso kuti odwala ake amene amamva ululu wochuluka saposa 10 mwa 100. Kenako amayesedwa komaliza pamaso pa akatswiri. Ngakhale atalandira satifiketi, zotsatira za ntchito yake zimapitirira kulowa m'kaundula wa dziko lonse wotchedwa National Endoscopy Database.

Aphunzitsi nawonso amachita kosi ya kaphunzitsidwe. Ndipo amene amapima anthu oitanidwa kudzera mu ndondomeko ya FIT amakhala atapambana mayeso ena apadera owonjezera.

Kaphunzitsidwe kotere si ka kuno kokha. Pa chipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre pali malo ophunzitsira kupima m'mimba ndi kamera, ovomerezeka ndi World Gastroenterology Organisation, amene anakula mothandizana ndi madokotala a ku Liverpool. Kumeneko, monganso kuno, luso limachoka m'manja mwa katswiri kupita m'manja mwa wophunzira pamene onse awiri aimirira pambali pa wodwala.

Kodi m'chipinda chopimira mudzachitika zotani?

Mukafika, namwino adzakufunsani za thanzi lanu ndi mankhwala amene mumamwa. Wopima adzabwera kudzadzidziwitsa ndi kukambirana nanu za fomu yachilolezo. Ngati pali wophunzira, muyenera kuuzidwa musanalowe m'chipinda. Mudzapatsidwa chovala cha kuchipatala, ndipo malo ambiri amaperekanso kabudula wapadera wokhala ndi potsegula kumbuyo, kuti thupi lanu likhale lofunditsidwa.

Pochepetsa ululu mungasankhe mankhwala obaya pamtsempha oziziritsa thupi, amene amakuchititsani kuwodzera koma osagoneratu, kapena mpweya wopuma wotchedwa Entonox. Ena amasankha kupimidwa popanda chilichonse.

M'chipindamo mudzakhala wophunzira, mphunzitsi wake, ndi anamwino. Namwino mmodzi ntchito yake ndi kuyang'anira inuyo: kapumidwe kanu, kugunda kwa mtima, ndi mmene mukumvera. Mphunzitsi amakhala momwemo, akuona sikirini yomweyo, ndipo udindo wa chisamaliro chanu uli m'manja mwake. Mudzawamva akulankhulana m'Chingerezi: "bweza pang'ono", "potoza kumanja", "ukuona chiyani apa?" Musadabwe nazo. Sizitanthauza kuti chinachake chalakwika, koma ndi mmene amaphunzitsirana. Ngati wophunzira wakanika kudutsa pangodya, ngati mukumva ululu wochuluka, kapena ngati papezeka polyp yovuta kuchotsa, mphunzitsi amatenga kapaipi n'kupitiriza yekha.

Kumva kutupa kwa mimba, kupotokola kwa kanthawi, kapena kufuna kutulutsa mpweya n'kwachibadwa, chifukwa wopima amalowetsa mpweya kapena madzi kuti thumbo litseguke. Ogwira ntchito m'chipindamo anazolowera zimenezi, choncho palibe chochititsa manyazi.

Kodi ngozi imachuluka pakakhala wophunzira?

Colonoscopy iliyonse, kaya wopima ndi ndani, ili ndi ngozi zochepa zimene muyenera kuzidziwa. Kutuluka timagazi pang'ono pambuyo pochotsa polyp kumachitika kawirikawiri ndipo kumasiya kokha. Kutaya magazi kwambiri, kapena kubooka kwa khoma la thumbo kumene nthawi zina kumafuna opaleshoni, sikuchitikachitika: kubooka kumachitika kwa munthu wosakwana 1 mwa anthu 1,000. Mankhwala oziziritsa thupi angachedwetse kupuma, n'chifukwa chake namwino amakuyang'anirani nthawi yonse. Ndiponso palibe kupima kumene kumaona zonse, moti nthawi zina kanthu kakang'ono kangaphonyedwe.

Pakakhala wophunzira, kusiyana kumene mungakuone n'kwakuti ntchito imatenga nthawi yotalikirapo. N'chifukwa chake pa maola ophunzitsira amaikapo odwala ochepa. Akafukufuku a m'mayiko osiyanasiyana apeza kuti wophunzira akamayang'aniridwa bwino, chiwerengero cha ma polyp opezeka sichitsika. Pa sikirini pamakhala maso a anthu awiri.

Ufulu wanu

Muli ndi ufulu wodziwa dzina ndi udindo wa aliyense amene ali m'chipinda. Safunsa anadya phula, choncho funsani momasuka: Kodi adzandipima ndani? Kodi wachita kale ntchitoyi kangati? Kodi mphunzitsi adzakhalamo nthawi yonse?

Muli ndi ufulu wokana kupimidwa ndi wophunzira, ndipo simukakamizidwa kupereka chifukwa. Palibe amene adzakukwiyireni kapena kukulembani moipa. Ngati mwasankha kukana, ndi bwino kuimbira foni nambala ya pa kalata yanu tsiku lisanafike, kuti achipatala akonze zinthu nthawi ilipo.

Muli ndi ufulu wosintha maganizo ngakhale mutasaina kale fomu. Ngakhale kupima kuli m'kati, mukanena kuti "stop" kapena kukweza dzanja, wopima adzaima, n'kukufotokozerani pamene afika ndi zimene zingachitike mukalekera pomwepo. Gwirizanani za chizindikiro chimenechi ndi namwino musanayambe.

Muli ndi ufulu wokhala ndi womasulira popanda kulipira. Uzani achipatala msanga kuti mukufuna womasulira Chichewa kapena Chinyanja, popeza omasulira chilankhulo chathu ndi ochepa ndipo amafunika kuwapezeratu. Nthawi zina amamasulira pa foni. Womasulira amasunga chinsinsi, ndipo ngati mwapeza kuti ndi munthu amene mumadziwana naye kutchalitchi, kumzikiti kapena kuntchito, mungapemphe wina. Musadalire mwana wanu kuti akumasulireni nkhani ngati zimenezi. Mwana amachita manyazi kutchula zina pamaso pa kholo, ndipo fomu yachilolezo imafuna kuti mumve mawu onse.

Mungapemphenso kupimidwa ndi munthu wamkazi kapena wamwamuna, malinga ndi chikhalidwe kapena chipembedzo chanu. Achipatala adzayesetsa, ngakhale kuti nthawi zina zingachititse kuti tsiku lisinthe. Ngati muli ndi dandaulo, chipatala chilichonse chili ndi ofesi yotchedwa PALS imene imathandiza odwala ndi mabanja awo.

Kulembetsa kwa GP ndi kuonana naye n'kwaulere kwa aliyense, mosaganizira mapepala ake okhalira m'dziko muno. Chithandizo cha kuchipatala chachikulu chili ndi malamulo ake kwa anthu amene sakhala m'dziko muno mokhazikika. Ngati muli ndi nkhawa pa za malipiro, funsani achipatala tsiku lisanafike m'malo mongokhala kunyumba.

Mbali yanu: kutsuka matumbo

Kaya wopima ndi katswiri wa zaka 20 kaya ndi wophunzira, sangaone bwino ngati thumbo silinayere. Mbali imeneyi ili m'manja mwanu. Mudzapatsidwa mankhwala otsuka m'mimba, monga Moviprep, Plenvu kapena Picolax, pamodzi ndi pepala la malangizo. Tsatirani pepala la chipatala chanu ndendende, chifukwa nthawi zomwera zimasiyana malinga ndi mankhwalawo komanso ola limene mwaitanidwa.

Kwa masiku angapo tsiku lisanafike mudzapemphedwa kupewa zakudya zosiya zotsalira zambiri m'matumbo. Mapepala a Chingerezi satchula zakudya zathu, choncho dziwani kuti m'gulu limeneli muli nsima ya mgaiwa, nyemba, nandolo, khobwe, mtedza ndi nsinjiro, masamba monga nkhwani, chisoso, repu ndi therere, zipatso zokhala ndi nthangala kapena makoko, ndi buledi wabulauni. Kawirikawiri amalola mpunga woyera, buledi woyera, mazira, nsomba ndi nkhuku yochotsa khungu. Za nsima ya ufa woyera funsani namwino, ndipo mumufotokozere kuti ndi ufa wa chimanga chokonola.

Mukayamba kumwa mankhwalawo mudzatsekula m'mimba kambirimbiri, choncho khalani pafupi ndi chimbudzi ndipo imwani madzi ambiri. Ngati mumagwira ntchito ya mashifiti, pemphani tchuthi cha tsiku lotsuka ndi tsiku lopimidwa. Ngati tsikulo lagwera m'nyengo yosala kudya, monga mwezi wa Ramadan, kambiranani ndi achipatala, chifukwa mankhwalawa sayenera kumwedwa popanda madzi okwanira.

Uzani achipatala msanga ngati muli ndi matenda a shuga, a impso kapena a mtima, ngati ndinu oyembekezera, kapena ngati mumamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin, apixaban kapena clopidogrel. Musasiye mankhwala amenewa panokha. Mapiritsi owonjezera magazi a iron kawirikawiri amasiyidwa kutatsala masiku 7. Tchulaninso mankhwala azitsamba alionse amene mumamwa, kuphatikizapo amene achibale anakutumizirani kuchokera kumudzi.

Kumene mukupita ndi pobwerera kunyumba

Anthu ambiri a ku Handsworth amathandizidwa ndi zipatala za Sandwell and West Birmingham NHS Trust. Bungweli lili ndi malo angapo: Midland Metropolitan University Hospital ku Smethwick, imene inatsegulidwa mu Okutobala 2024, City Health Campus pa Dudley Road, ndi Sandwell Health Campus ku West Bromwich. Ena amatumizidwa ku zipatala zina monga Queen Elizabeth Hospital ku Edgbaston. Werengani bwino dzina la malo pa kalata yanu, musangopita kumene munazolowera.

Ngati mwalandira mankhwala oziziritsa thupi, payenera kukhala munthu wamkulu wodzakutengani ndi kukhala nanu kunyumba. Kwa maola 24 musayendetse galimoto, musamwe mowa, musagwiritse ntchito makina, ndipo musasaine mapepala ofunika. Musanatuluke mudzauzidwa zimene zaoneka ndipo mudzalandira lipoti. Ngati anatapa kachidutswa ka mnofu, zotsatira zimafika kawirikawiri pakatha masabata 2 kapena 3. Nthawiyo ikadutsa osamva kanthu, imbani foni n'kufunsa.

Mukafika kunyumba n'kuyamba kumva kupweteka kwambiri m'mimba, kutentha thupi, kapena kutuluka magazi ochuluka kapena oundana, musadikire kuti kuche. Imbani nambala imene munapatsidwa kapena 111, ndipo ngati zavuta kwambiri imbani 999. Mukaimba 111 mungathe kupempha womasulira. Kumbukirani kuti dipatimenti ya matenda adzidzidzi ya pa Dudley Road inatsekedwa mu Novembala 2024, ndipo ntchito yake inasamukira ku Midland Metropolitan.

Mawu otsiriza

Katswiri aliyense amene mungafune kuti akupimeni anayamba ali wophunzira, ndipo panali odwala amene anamulola. Mukavomera, mukuthandiza kuti ana anu ndi adzukulu anu adzapeze opima odziwa ntchito. Mukakana, mwagwiritsa ntchito ufulu wanu, ndipo mudzapimidwabe mwaulemu womwewo. Ngati tsiku limene mwapatsidwa silikukuyenerani, imbani foni kuti alisinthe, musangolilumpha.

Ngati muli ndi zaka 50 mpaka 74 ndipo simunalandire kachipangizo ka FIT, kapena kanatayika, kapena muli ndi zaka 75 kapena kuposerapo ndipo mukufuna kupitiriza kupimidwa, imbani nambala yaulere ya 0800 707 60 60. Onetsetsaninso kuti GP wanu ali ndi adiresi yanu yatsopano, chifukwa kachipangizoka kamatumizidwa ku adiresi imene ili m'kaundula wake. Ngati muli ndi zizindikiro zimene tatchula m'kapepala kano, musadikire kachipangizo ka pa positi. Kaonaneni ndi GP wanu, kaya muli ndi zaka zingati.